Masentimita Khumi ndi Asanu

14 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ndiponso kuti miyendo yasiya kutupa. Ine kuno thupi lilibe vuto. Mlamu, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera Amayi, ngakhale nkhaniyi ndi ya mwamuna wanu. Mukhale kumbali ya khutu lakumanja, limene limamvako, ndipo musathamange.

Pa foni tinangolirana, sindikudziwa kuti munamva ziti. N'chifukwa chake ndalemba. Mzime wanu ali moyo. Ndayamba ndi mawu amenewo kuti enawa muwamve mtima uli m'malo. Ali m'chipatala chachikulu, m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, bedi lake lili pawindo. Wavulala msana. Madokotala amuika zitsulo ziwiri, ndipo akuti za miyendo tidikire kutupa kuphwe kaye.

Zinachitika chonchi. Lole yake inanyamula chimakina chokumbira nthaka, chija chili ndi mkono umodzi wautali. Podutsa pansi pa mlatho wina wa pa msewu waukulu, chigongono cha mkonowo chinagunda pamwamba. Matcheni omangira anaduka, ngolo inapotoka, ndipo mutu wa lole unakamenya khoma la m'mbali. Lamba anali atamanga, n'chifukwa chake tikumutchulabe wamoyo.

Mlatho umenewo ndi umodzi mwa imene gulu lathu limagwirapo ntchito. Munkandifunsa kuti ine amene ndinali mphunzitsi ndimatani pa mlatho, ndiye lero ndikuyankheni. Malole aatali amagunda milatho kawirikawiri, ndipo mtanda wa konkire ukasweka, mlatho wonse ukhoza kugwa ndi anthu ali pamwamba. Ife timachita zinthu ziwiri. Timamata kunsi kwa mitandayo nsalu yakuda yolukidwa ndi ulusi wa kaboni, yopyapyala ngati nsalu ya malaya koma yolimba kuposa chitsulo. Kenako kutsogolo kwa mlatho timapachika chinthu chimene timachitcha chishango. Ndi bokosi lalitali la ulusi wa galasi ndi guluu, m'kati mwake muli timabowo ngati chisa cha njuchi. Munthu mmodzi akhoza kunyamula chidutswa chake. Ntchito yake ndi kuphwanyika. Lole ikagunda, chimafinyika ichocho, mlatho n'kutsala. Mzime anagunda chimenecho.

Tsiku limene ankanyamuka kubwera kuno munandiuza pa foni kuti, "Iwe ndiwe wamkulu, umuyang'anire mwana wanga." Mawu amenewo sindinawaiwale, ndipo ndikuwamva tsiku lililonse.

Musagulitse kanthu kalikonse kuti mubwere. Kampani yake ikulipira chipatala. Ndatumiza kangachepe kudzera mwa mlamu, mugule mankhwala anu a mwezi wathunthu, osati a sabata imodzi monga mumachitira.

Ine mwana wanu woyamba.

2 Epulo

Okondedwa Amayi,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti chifuwa chinakugwirani, muzifunda. Ine ndili bwino, tulo tokha ndi timene tikuvuta.

Mzime watsitsimuka ndithu. Akudya, akuseka ndi manesi, ndipo wayamba kale kudandaula kuti tiyi wa m'chipatala ndi madzi otsukira makapu. Ndimapita tsiku lililonse ndikaweruka. Ndimamupukuta kumsana, kumudzoza mafuta m'zidendene kuti zisachite zilonda, ndi kumumeta ndevu. Amalola zonsezi. Koma salankhula nane. Ndikalowa amatembenuzira nkhope kuwindo.

Pa bedi loyandikana pali mkulu wina wothyoka chiuno, wanthabwala kwambiri. Dzana anati, "Aphunzitsi, mng'ono wanuyu ndi wailesi, usana wonse sitipuma. Koma mukangolowa inu, batire latha. Munamulanda mkazi kapena?" Onse m'chipindamo anaseka. Nanenso ndinasekako, poti ndikanatani.

Lamlungu lapitali anatituma kukachotsa chishango chophwanyikacho ndi kuika chatsopano. Amatseka mbali imodzi ya msewu m'mawa, magalimoto akadali ochepa. Kireni itachitsitsa, ndinachiona bwino. Pakati panali pofinyika ngati katoni ya mazira yopondedwa, ulusi woyera uli nyankhalala, ndipo penti yachikasu ya makina aja inali itatsalira pamenepo.

Ntchito yanga inali kuyesa ngati nsalu yakuda ija inamatuka. Timagogoda ndi kanyundo kakang'ono, chikhatho ndi chikhatho, khutu lili pafupi. Pamene pamatika bwino pamalira mouma. Pamene palowa mpweya pamalira ngati chitini chopanda kanthu. Ndinagogoda mtanda wonse, mamita makumi awiri, khosi mpaka kuuma. Panalibe ngakhale malo amodzi omatuka. Konkire inalibe mng'alu.

Injiniya wathu, mayi wodekha amene anakonza pulani ya chishangochi, anasangalala zedi. Anajambula zithunzi, natiuza kuti nthawi ya ngoziyo pamwamba pankadutsa basi yodzaza, ndipo pakanapanda chishango mwina bwenzi tikunena zina. Anzanga anawomba m'manja. Ndi zoona, Amayi, chinagwira ntchito yake.

Kenako kapitawo anati, "Koma dalaivala ameneyu sukulu anathawa ali kalasi yanji? Nambala ziwiri zokha pa chikwangwani, kumukanika kuwerenga!"

Mnzanga Ndevu, amene timasakaniza naye guluu, ndi yekhayo akudziwa kuti dalaivalayo ndi mng'ono wanga. Anati, "Bwana, pakamwapo muzitsekako nthawi zina, mulowa fumbi." Kapitawo anaganiza kuti ndi nthabwala. Ine ndinatsika makwerero n'kukaima kuseri kwa chipilala mpaka Ndevu anabwera kudzanditenga. Guluu ukasakanizidwa umauma pa mphindi makumi anayi, sudikira munthu.

Mlamu, denga lodontha la kuchipinda kwa Amayi lija musalisiye. Muitane mmisiri asinthe lata limodzi lokha, la pakona.

Ine mwana wanu.

11 Meyi

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu ndalandira, zikomo mlamu polemba. Ndakondwa kuti chifuwa chatha. Kuno kwayamba kuzizira, koma ndili ndi jekete.

Mwalemba kuti anthu akunena kuti Mzime anali ataledzera. Amayi, limenelo ndi bodza. Anamuyeza magazi tsiku lomwelo, pepala lake ndaliona ndi maso angawa. Munalibe kanthu. Aliyense wonena zimenezo, kaya ndi wachibale, mumuuze kuti alembere ine. Mwana wanu anayendetsa malole zaka zisanu ndi zinayi osakanda ngakhale galasi. Ankayeza katundu wake ndi ndodo yoyezera asananyamuke, kawiri, anzake mpaka kumamuseka.

Mwafunsanso kuti, "Nanga mwana wosamala chonchija analowa bwanji pansi pa mlatho woti sakwanapo?" Funso limenelo ndaliwerenga kambirimbiri.

Sabata yatha kunabwera amuna awiri a ku kampani yake, atavala mataye, ndi mafomu awo. Ine ndinali kuseri kwa katani, beseni lili m'manja. Anamufunsa ngati chikwangwani anachiona.

"Ndinachiona," anatero Mzime.

"Munkadziwa kuti katundu wanu wapitirira nambala yolembedwapo?"

"Ndinayeza ndekha. Ndinkadziwa."

"Ndiye munaloweranji? Alipo anakuuzani kuti mukwana? Wa ku ofesi kapena dalaivala mnzanu?"

"Palibe. Lembani kuti ndinalakwitsa ndekha. Mwatha? Ndikufuna kugona."

Atatuluka, ndinayesa kulankhula. Ndinangoti, "Mzime," iye n'kukoka bulangeti mpaka kumutu.

Za miyendo ndisakubisireni. Dokotala amabwera ndi kasingano, n'kumabaya pang'onopang'ono kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi, Mzime atatsinzina. Pachifuwa amati "eya." Pamimba "eya." Pofika pansi pa mchombo amakhala chete, dokotala akubayabe mpaka kuchala chachikulu. Achita zimenezi kasanu tsopano, ndipo malire ake sakusuntha. Dokotala anandiitanira panja n'kundiuza kuti tiyambe kumuphunzitsa kuyenda pa chikuku. Manja ake ndi amphamvu, mutu uli bwinobwino. Mlamu, pepani kuti mwaziwerenga nokha mokweza. Ndinasowa njira ina.

Funso lanu lija lili ndi yankho, Amayi. Ndayamba kulilemba katatu n'kung'amba. Mundipatse masiku.

Ine mwana wanu.

8 Juni

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo. Mlamu, kalata iyi muiwerenge yonse. Musadumphe mzere, ngakhale mufune kuitaya.

Pa mlatho uliwonse pali chikwangwani chonena kutalika kwa galimoto yololedwa kudutsa pansi. Pa mlatho uja palembedwa mamita anayi ndi theka. Koma nambala ya pa chikwangwani si mpata weniweni. Amasiyako danga, chifukwa lole imadumpha pa mabampu ndipo msewu akauthira phula lina umakwera. Ife ogwira ntchito pa milatho timadziwa zimenezi chifukwa timayeza tokha. Mu Januwale ndinayeza mlatho umenewo ndi manja anga, malo asanu ndi amodzi. Mpata weniweni unaposa wa pa chikwangwani ndi masentimita makumi awiri.

Madalaivala a katundu wamtali amadana nawo mlatho umenewo. Akaupewa amazungulira njira ya maola awiri, yokumbikakumbika, yodutsa pakati pa misika. Tsiku lina titaweruka, tikudya m'chipinda chathu, Mzime ankadandaula za njira imeneyo. Ine, mukundidziwa, sindingaone munthu asakudziwa chinthu n'kungokhala chete. Ndinatenga pensulo n'kujambula mlathowo pa pepala lokulungira buledi. Ndinamuonetsa nambala ya pa chikwangwani ndi nambala yeniyeni. Ndinati, "Ukapitirira ndi masentimita khumi, udutsa bwinobwino, mpata wina n'kutsalako."

Anaseka nati, "Aphunzitsi, belu lalira, tiloleni tidye." Koma pepalalo analipinda n'kuika m'thumba la malaya.

Mu Febuluwale tinapachika chishango. Kuti chiteteze mtanda, chiyenera kulendewera m'munsi kuposa mtandawo, kuti lole iyambe kukumana ndi icho. Chimatsika masentimita khumi ndi asanu. Chikwangwani sanachisinthe, ndipo sanalakwe, chifukwa nambala yake inali ikadali yoona. Imene inasanduka yabodza ndi nambala yanga. Pa makumi awiri aja panatsala asanu okha. Mabawuti a chishangocho ndinamanga ndine, ndi sipanala yanga.

Chimene chikundidya ndi ichi, Amayi. Za chishangocho ndinamuuza. Ndinabwera nako kachidutswa kunyumba, ndinamuimika pamwamba pake kuti aone kulimba kwake. Ndinamufotokozera za ulusi wa galasi, za guluu, za timabowo ta m'kati, chifukwa chake chimafinyika m'malo mothyoka. Ndinalankhula mpaka tiyi wake anazizira. Zonse ndinanena, kupatula chinthu chimodzi chokha chimene dalaivala ankafunika kumva: kuti mpata uja wachepa. Sindinabise. Sizinandibwerere m'mutu n'komwe. Ndinali nditasangalala ndi kukongola kwa chinthucho.

Tsiku la ngozi katundu wake anapitirira chikwangwani ndi masentimita khumi ndendende. Anayeza kawiri monga mwa masiku onse. Anakhulupirira mkulu wake. Anaperewera masentimita asanu, zala zitatu zokha.

Sanaledzere, sanagone pa chiwongolero, sanalephere kuwerenga. Munandipatsa mwana kuti ndimuyang'anire, ndipo ndi pakamwa panga pamene pamuika pa chikuku.

Sindikupempha kanthu m'kalata ino. Ndangoyankha funso lanu.

Ine mwana wanu, ngati mukundilolabe kulemba choncho.

3 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Moni. Papita milungu isanu ndi itatu osamva mawu anu. Foni ya mlamu imalira koma siyankhidwa ikakhala nambala yanga. Sindikudandaula. Ndimamva kwa Mzime akamalankhula ndi mkazi wake kuti mukudzuka bwino, ndipo zimenezo zikundikwanira.

Ndinapita kwa injiniya n'kumuuza zonse. Ndinkaganiza kuti mwina zikalembedwa, mlandu wa Mzime upepuka. Anandimvetsera mpaka kumapeto, magalasi atavula. Kenako anati lamulo limadziwa chikwangwani chokha, ndipo dalaivala wopitirira nambala yolembedwa ndi wolakwa, kaya anamuuza ndani. Anati, "Miyezi inayi yonseyi mwakhala mukugogoda mlatho umenewu osandiuza kuti ndi mng'ono wanu?" Sanandichotse ntchito. Anasonkhanitsa gulu lonse n'kulamula kuti miyeso ya pa mlatho isamatuluke pakamwa pa munthu aliyense, kaya kunyumba, kaya kumowa. Dzina langa sanatchule. Kapitawo kuyambira tsiku limenelo amandipatsa moni ndi manja awiri, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa nthabwala yake ija.

Mzime walankhula nane. Linali Loweruka masana, m'chipinda chophunzitsira odwala, akuyesera kuchoka pa bedi kupita pa chikuku ndi manja okha. Anagwa kawiri. Nditafuna kumugwira, anandikankha.

"Anakutumani ndani, achimwene?"

Ndinati, "Kutani?"

"Kulembera Amayi. Anakutumani ndani? Mkazi wanga wandiuza zonse. Akuti Amayi anakhala masiku awiri osatuluka m'chipinda."

Ndinati anthu ankamunena kuti ndi chidakwa, ndipo sindikanatha kungomvera.

"Akananena! Ine ndinawanamiza anthu a mataye aja chifukwa chiyani? Ndinkafuna kuti Amayi atsale ndi mwana mmodzi woti akamuganiza mtima usamawawe. Mmodzi yekha. Inu mwakawalanda ameneyonso. Simungathe kusunga chinthu m'kamwa, achimwene? Chilichonse mpaka mufotokoze?"

Ndinamufunsa chifukwa chake sankandilankhula miyezi yonseyi, ngati ankafuna kunditeteza.

Anati, "Kukutetezani ndi kwina, kukukhululukirani ndi kwina. Ndikanatsegula pakamwa ndikanakutukwanani pamaso pa anthu. Ndipo pepala lanu lija ndinalimvera ndine. Chikwangwani chinali pomwepo, chachikulu ngati chitseko. Ndikakwiya nanu, ndimapezeka ndakwiyanso ndi ine mwini. Zimanditopetsa."

Kenako anati, "Mwaima ngati chipilala bwanji? Gwirani chikukuchi chisathawe." Ndinagwira. Ulendo wachitatu anakwera yekha.

Sindikunena kuti zatha. Masiku ena amandilankhula, masiku ena ayi. Koma dzulo anandituma malalanje, nati ndisabwere ndi owawasa ngati nkhani zanga.

Kangachepe ka mwezi uno ndatumiza monga mwa nthawi zonse. Mukakana kalata, mankhwala okha musakane.

Ine mwana wanu.

20 Seputembala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mlamu. Kuno kwayamba kufunda. Mzime wanenepako, mapewa ake akula ngati a munthu wonyamula zitsulo.

Achipatala adzamutulutsa pa 9 Okutobala. Kampani yamulipirira ulendo, ndipo yalola munthu mmodzi womuperekeza chifukwa sangakwere kapena kutsika yekha. Ndapempha tchuthi cha milungu iwiri ndipo andipatsa. Tidzafika pa 11, chakumasana.

Mlamu, kakalata kanu ndinalandira, zikomo. Munalemba kuti Amayi akuti mwana wawo abwere msanga, bedi lake ayala kale. Ndinaona kuti za womuperekeza simunalembe kanthu. Ndamva.

Nyumba iyenera kukonzedwa asanafike. Masitepe awiri a pakhonde aja achotsedwe, pakhale potsetsereka pa simenti. Pasakhale potsika kwambiri, chifukwa chikuku chingamugwetse chagada. Mmisiri akatha, akhale yekha pa mpando wa mateyala kapena pa wilibala, wina amukankhe, aone ngati iye angakonde kukwera pamenepo tsiku lililonse. Pamwamba pake asasalaze, pakhale pokhakhala chifukwa cha mvula. Kubafa muike chitsulo chogwirira kukhoma, chomangidwa ndi mabawuti, osati misomali. Bedi likhale lofanana msinkhu ndi mpando wa chikuku. Mphasa ndi timakapeti ta pansi muchotse, timakola mateyala. Simenti ndi ntchito ya mmisiri ndilipira ine, mungondiuza.

Chachikulu ndi zitseko. Cha kutsogolo mwina chikwana, koma cha kuchipinda ndi cha kubafa ndikukayika. M'envulopu muno mupeza chingwe choyera. Kutalika kwake ndiko kukula kwa chikuku, kuphatikizapo malo a zigongono zake akamapalasa. Wayeza ndi kudula ndi Mzime mwini, ine ndinangogwira lumo kumupatsira. Nambala yake ndikuidziwa koma sindilemba. Mmisiri atenge chingwecho, achitambasule pa khomo lililonse chitseko chili chotsegula, aone ndi maso ake. Pamene chingwe sichikwana, agumule.

Mzime akuti ndikuuzeni kuti musalire akamadzatsika, chifukwa mukalira inu nayenso alira, ndiye anthu aziti chidakwa chija chafika. Akutinso mlamu asamugulire zovala zatsopano, majekete akale sakumukwana m'mapewa koma mathalauza onse alipo.

Za ine ndi izi, Amayi. Ndidzamukankha kuchokera pa msewu mpaka pakhonde, ndidzamukweza potsetsereka paja, n'kumupereka m'manja mwanu. Pamenepo ndidzaima. Chikwama changa ndidzachisiya pa geti. Mukadzati ndilowe, ndidzalowa. Mukadzakhala chete, sindidzakufunsani chifukwa, ndipo sindidzafotokoza kanthu. Basi yobwerera imanyamuka mawa lake m'mawa, ndipo pafupi ndi depoti pali malo ogona alendo.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempha. Musanatseke chitseko, mudzandiyang'aneko kamodzi. Patha zaka zinayi ndisanaone nkhope yanu.

Ine mwana wanu woyamba.